Ndodo ya a Zachepa

Padangotero.

Tili tonse.

Padali bambo wina wa geni, kwawo ku Balaka, amene dzina lawo lenileni linaiwalika chifukwa cha mawu awiri omwe sankachoka pakamwa pawo. Mayi akadandaula kuti chenje chaperewera, iwo ankati, "Zachepa izo." Mlimi akanena kuti ndowa yadzaza kale, musawunjikenso pamwamba, iwo, "Zachepa izo." Mapeto ake kuyambira ku Phalula mpaka ku Ulongwe, kuwoloka Shire pa Liwonde mpaka kukafika ku Nsanama ndi ku Ntaja, aliyense ankangoti a Zachepa. Eni akewo sankakwiya nalo dzinalo. Ankavomera ndi kamseko.

Geni yawo inali ya miyendo iwiri. Popita kum'mawa ankanyamula nsalu zopikula ku Limbe, pobwerera ankasenza mpunga wa Faya wa m'madambo a nyanja ya Chilwa n'kukagulitsa ku Balaka, kumene nthaka imadziwana kwambiri ndi thonje kusiyana ndi mpunga. Zida zawo zinali zitatu: ndodo, ndowa ndi debe.

Ndodoyo inali ya mlombwa, yoterera chifukwa cha manja a anthu akale, ndipo kumapeto kwake analembako ndi penti yofiira kuti MITA. Koma sinali mita. Inali yadi, yotsala m'sitolo ina yakale yomwe inatsekedwa iwo ali mnyamata. Ku Limbe ankagula nsalu pa mita yeniyeni ya masentimita 100, kumsika n'kumadula ndi yadi, yomwe imathera pa masentimita 91 ndi kanyenyeswa. Motero mamita 11 ogula ankasanduka 12 pogulitsa. Ndowa inali ya malita 20, ntchito yake kugulira. Debe linali lija la palafini la makona anayi, la magaloni 4 a Chingelezi, omwe ndi malita 18 ndi pang'ono. Limeneli linali logulitsira, ndipo pakamwa pa a Zachepa nalonso linali ndowa. Apanso ndowa 11 za mlimi zinkabereka madebe 12 kwa wogula. Lomalizalo silinkalimidwa, silinkapikulidwa. Linkangobadwa panjira, pakati pa Liwonde ndi Balaka.

Musaganize kuti masamu ankawavuta bambowa. Mutu wawo unkathamanga kuposa foni. Ankadziwa kuti pa nambala sabapo, chifukwa aliyense maso amakhala pomwepo: mayi amawerenga nawo, mwana amawerenga nawo, ngakhale wodutsa njira amaima n'kuwerenga nawo. Iwo ankaba pa kadzina kotsatira nambalayo, kaja anthu amangokamva ngati moni wa m'mawa osakaganizira.

Pakhomo pawo ankasunga mwana wa mlongo wawo, mnyamata wamasiye amene ankawakankhira njinga ndi kuwayalira nsalu. Mnyamatayu anali wa mtima umodzi. Malume wake akanena kuti kunja kwada, iye ankayatsa nyali osasuzumira pawindo. Tsiku lina anafunsa kuti, "Amalume, bwanji timayenda ndi ndowa ndi debe zonse ziwiri, katundu n'kumalemera?"

"N'zofanana izo, mwana iwe," anayankha a Zachepa. "Ndowa ndi debe, yadi ndi mita, onsewa ndi a mimba imodzi. Kusiyana mayina basi."

Mawu amenewa ankawanenanso kumsika tsiku ndi tsiku. Akuluakulu ankawamva ndi khutu limodzi. Mnyamata yekha ndiye anawameza onse.

Chaka china geni itayenda bwino, a Zachepa anagula kapuloti pa Balaka kuti amange shopu yawoyawo, yoti asamalipirenso lendi. Inali ya mamangidwe aja timawaona m'misika yonse: khoma lakutsogolo lalitali lolembapo dzina, denga lopendekera kumbuyo. Malata anali atagula kale motchipa pa Liwonde n'kuwasungitsa kwa mnzawo. Anali a mafiti 12. Powagula anawayeza ndi ndodo yawo ija, n'kupeza ndodo zinayi ndendende, poti mafiti 3 ndiwo yadi imodzi.

M'mawa wa ulendo wa ku Ntaja, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, anaitana mnyamata uja. "Ukamuuze bilidala kuti malata anga ndi a mamita anayi. Aimike makoma moti akwane ndendende, sindifuna kuona chidutswa cha lata chikutayika. Ndidzabwera nawo pobwerera." Lilime likazolowera njira limayenda lokha. Anamangirira ndodo yawo pampukutu wa nsalu, ulendo.

Kufupi ndi Ntaja kunali gulu la banki m'khonde la amayi 30. Chaka chinali kutha, tsiku logawana masheya linali pafupi, ndipo anapangana kuti patsikulo avale chitenje chofanana, aliyense cha mamita 2. Anasonkha ndalama ya mamita 60. Tsiku la msika atcheya, alembi ndi asungichuma anapeza a Zachepa atayala mpukutu wobiriwira wa maluwa achikasu, ndipo mtima wawo unagwera pomwepo.

A Zachepa anayeza mwaulemu ngati akutsogolera mapemphero. Ankagoneka ndodo pansalu, kulemba kamzere ndi choko m'mphepete, n'kusuntha. "Choko ichi n'choti musadzati ndakuberani, amayi anga. Werengani nane." Amayiwo anawerenga mokweza, wani, thu, fili, mpaka 60, anthu ozungulira akuthandizira. Lumo linadutsa, ndalama inaperekedwa, aliyense anachoka akumwetulira.

Nsaluyo anapita nayo kwa Che Telala, nkhalamba yomwe inkasokera pakhonde la golosale ndi makina a Singer opalasa ndi phazi. Magalasi awo anali omanga ndi ulusi mbali imodzi, tepi ili m'khosi kuyambira m'mawa mpaka madzulo ngati mkanda. Ntchito inali yochepa: kudula mamita awiriawiri ndi kupinda m'mapeto kuti ulusi usamasosoke. Anadula choyamba, chachiwiri, chakhumi. Atadula cha 27, m'manja mwawo munatsala kachidutswa kosakwana n'komwe mita. Anagwedeza mpukutu wopanda kanthu, anasuzumira pansi pa makina, anawerenganso zitenje zija kawiri.

Amayi atabwera, pakhonde paja panawira.

"Che Telala, ife tinawerenga tokha, msika wonse ukuona. Zitenje zitatu zapita kuti?"

"Amayi, nsalu inali yoperewera."

"Yoperewera! Ndiye kuti tonsefe sitidziwa kuwerenga?"

Tsoka la telala n'lakuti mbiri ya zigamba imamutsogolera. Wina anakumbuka siketi yomwe inabwerako yothina zaka zisanu zapitazo. Wina anati tidzaona pa Idi chomwe mdzukulu wawo adzavale. Atatu omaliza pamndandanda, mmodzi mwa iwo ali asungichuma enieniwo, anakana kuchoka chimanjamanja, ndipo anzawo anati palibe atenge chake mpaka nkhani ikafike kwa amfumu. Zitenje 27 zinamangidwa mtolo n'kukasungidwa kwa nduna, mlandu n'kuikidwa Loweruka. Kachidutswa kaja anakaponya pamakina.

Usiku umenewo Che Telala nsima sanaikhudze. Mdzukulu wawo, mtsikana wa Fomu 1 amene ankawalowetsera ulusi m'singano maso akatopa, anasendeza nyali pafupi n'kutsegula kope la masamu kumapeto, kumene aphunzitsi sayang'ana.

"Anganga, munadula zingati?"

"27. Chilichonse mamita 2, sindinabe ngakhale ulusi umodzi."

"Ndiye mamita 54. Nanga aka?" Anakayeza kachidutswa kaja: masentimita 86. "Nsalu yonse inali masentimita 5,486. Tsono amayi aja akuti anawerenga 60. Tiyerekeze kuti sakunama. Inunso simukunama. Watsala ndani?"

"Palibe."

"Yatsala ndodo."

Anagawa 5,486 ndi 60, akunyambita pensulo. Yankho linatuluka 91.4. Analiyang'ana, anabwerezanso, linatuluka lomwelo. "Anganga, ndalakwitsa penapake. Nambala iyi ilibe mutu. Kusukulu kuli 10, kuli 100, kuli 1,000. Muyezo wa 91.4 kulibe."

Nkhalamba inakhala chete kanthawi. Kenaka inavula tepi m'khosi n'kumupatsira. "Gwira pamene wanenapo ndi chikhadabo. Usasunthe. Tsopano itembenuze uone kuseri."

Mtsikana anatembenuza. Kuseri kwa tepi, pansi pa chala chake, panali 36.

"Yadi!" anafuula Che Telala, mpaka nkhuku zinadzidzimuka m'khola. "Mainchesi 36! Mwana iwe, ndodo imeneyo ndakula nayo ine, yandimenyapo m'manja kangapo!"

Njala inabwerera pomwepo. Akudya nsima yozizira ndi matemba, anayamba kufotokoza za m'sitolo ya Mmwenye ku Balaka kumene anaphunzirira ntchito. Nthawi imeneyo zonse zinali za mutu wowawa: mainchesi 12 futi imodzi, mafiti 3 yadi imodzi, mayadi 1,760 mailosi imodzi. Ndalama nazonso chimodzimodzi, makobiri 12 sheleni imodzi, masheleni 20 paundi imodzi, mpaka mu 1971 pamene kunabwera kwacha ya matambala 100, paundi imodzi n'kusinthidwa ndi makwacha awiri. "Ndalama inasintha n'kutheratu, chifukwa yakale sitolo inkaikana. Koma ndodo ndani akanalowa m'nyumba iliyonse kukazitolera? Zinangokhala, zikudikira munthu wonga uyu."

Anati ngakhale yadiyo inapeza miyezo ina. Makolo ankayeza ndi mkono, kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala, ndiponso ndi mkwamba, manja onse atatambasulidwa. Masiku a amalonda a Chiyao oyenda ulendo wa kunyanja yamchere, nsalu ya merikani, yomwe inatenga dzina kwa Amereka oipanga, inkadulidwa pa mikwamba. "Agogo anga ankati pogula nsalu mudzi unkatuma munthu wamtali kuposa onse, wogulitsa n'kubweretsa kamfupi koti kaziyeza. Mkangano mpaka dzuwa kulowa. Ndodo inabwera kudzathetsa mkangano umenewo. Mkwamba wa mzungu ndi mayadi 2."

"Masentimita 183," anatero mtsikana, atalemba pang'ono. Anali atapeza kiyi: pa tepi inchi imodzi inkagwera pa masentimita awiri ndi theka ndi kakang'ono. Anakumbuka kuti m'buku la sayansi analemba 2.54, nambala yomwe maiko monga Britain, America ndi South Africa anagwirizana mu 1959 kuti inchi ikhale yofanana kulikonse. Ukakhala ndi mainchesi, chulukitsa ndi 2.54. Ukakhala ndi masentimita, gawa ndi 2.54. Futi inatuluka 30.48, yadi 91.44.

Nkhalamba inayamba kumuyesa ngati mwana woseweretsa tochi yatsopano. Chiuno cha 32? Masentimita 81. Msomali wa folo inchi, uja timautchula m'mainchesi koma n'kuugula pa kilo? Masentimita 10 ndi pang'ono. Nanga njanji iyi yochokera ku Nkaya, yodutsa pa Liwonde kupita ku Nayuchi, yomwe iwo anaiona ikutsegulidwa mu 1970, akuluakulu a sitima ankati pakati pa zitsulo zake pali mafiti 3 ndi mainchesi 6? Mtsikana anati amenewo ndi mainchesi 42, kutanthauza masentimita 106.7, mita imodzi ndi zala zitatu. Nanga pa Six Miles paja ku Zomba? Mailosi ndi makilomita 1.6, choncho ndi makilomita osakwana 10 pang'ono, koma kondakitala woitanira kuti "Teni Kilomita" angabwerere ndi minibasi yopanda munthu.

"Nanga mita yakoyo anaitenga pa mkono wa yani?"

"Wa palibe, anganga. Afalansa m'zaka za m'ma 1790 anatenga mtunda wochokera kunsonga ya kumpoto kwa dziko kufika pamzere wapakati, n'kuugawa ka 10 miliyoni. Ankafuna muyezo wosadalira kutalika kwa mfumu. Lita nayo inachokera pomwepo. Mukakhoma kabokosi ka masentimita 10 m'litali, 10 m'lifupi, 10 kuya, madzi odzaza mmenemo ndiyo lita, ndipo pasikelo amalemera kilo imodzi."

Apa nkhalamba inagwedeza mutu, chifukwa galoni si ya mtundu umodzi. Ya Angelezi ndi malita 4.55, mapainti 8. Ya Amereka ndi malita 3.79, dzina lomwelo. N'chifukwa chake mgolo umodzi womwewo, uja wa malita pafupifupi 200, wina amautchula wa magaloni 44 wina wa 55, ndipo onse awiri sakunama. Mtsikana anawonjezera zomwe anamva kwa aphunzitsi, kuti mu 1999 chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika kale ku Mars, chifukwa gulu lina la akatswiri linkawerengera m'mapaundi pamene linzake linkayesa kuti manambalawo ndi a metiriki.

"Anthu ophunzira?"

"Ophunzira kwambiri."

"Kunalibe wofunsa mnzake kuti kodi 60 wakoyu ndi wa chiyani?" Che Telala anapukuta m'manja. "Basi, si ine ndekha. Zimitsa nyali."

Loweruka anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango. A Zachepa anafika atavala jekete ngakhale kunali kotentha, m'manja muli ndodo. Koma mphepo inali itawanong'oneza, pakuti ndodoyo inali yatsopano, ya ku hadiweya, manambala ake owala. Amfumu anaitanitsa rula yaikulu ya pabolodi kwa aphunzitsi a pasukulu yapafupi. Anazigoneka pamodzi: mita yeniyeni, osaperewera ngakhale chikhadabo.

"Mwaonatu, Amfumu," anatero a Zachepa. "Ine ndi munthu wa mpingo."

Maso onse anatembenukira kwa Che Telala. Nkhalamba inayesa kufotokoza za yadi, koma mawu ake anamira m'phokoso. Wina anakuwa kuti yadi yakeyo ili kuti, tiione.

Mtsikana uja anayenda chokwawa mpaka pafupi ndi nduna, anagwada, n'kunong'ona. Nduna inaseka kaye, kenaka inapereka mawu kwa amfumu, ndipo amfumu anati mwana alankhule, khutu silisankha msinkhu.

"Zikomo Amfumu, zikomo makolo anga. Ndikupempha amasule mtolo uja, ayale chitenje chimodzi pamphasa."

Anayala. M'mphepete mwa nsalu, mmene singano ya agogo ake sinadutse, timizere ta choko tinali tikadalipo, toyera bwinobwino pa zobiriwira.

"Amayi atcheya, analemba timizereti ndani?"

"A Zachepa. Amati tisadzati atibera."

"Bambo, ndibwerekeni ndodo yanu."

Anaika mutu wa ndodo pa kamzere koyamba. Mchira wake unadutsa kamzere kachiwiri n'kupitirira. Pampata wotsalawo mtsikana anagonekapo dzanja la atcheya: zala zinayi. Anayala chitenje china, zala zinayi. China, zala zinayi. Kenaka anatenga tepi ya agogo ake n'kuonetsa amfumu mbali zonse ziwiri, uku 91 ndi kanyenyeswa, uku 36.

A Zachepa anatulutsa kampango n'kupukuta m'khosi. "Amfumu, mwina ndinasokoneza ndodo potuluka m'nyumba. Komabe yadi ndi mita ndi a mimba imodzi. Tikukanganirana zala zinayi, anthu akuluakulu? Zachepa izo."

Amfumu sanayankhe msanga. Anauza mtsikana kuti ajambule zala zinayizo padothi, kenaka zina zinayi kutsogolo kwake, kenaka zina, mpaka ka 60, anthu akuwerenga monga anawerengera kumsika. Mzere unachoka pamphasa, unadutsa mpando wa nduna, unatuluka mumthunzi n'kukathera padzuwa. Aphunzitsi anauyeza: mamita 5 ndi masentimita 14. Amfumu anaitana amayi atatu osowa zitenje aja kuti aime pamzerepo.

"A Zachepa, zala zanu zinayi zavula amayi atatu awa, zavulanso nkhalamba iyi dzina lomwe yasoka zaka makumi asanu. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ife tinkayesa amanena za nkhuni zokha."

Chigamulo chinali chakuti abweretse mamita 6 a nsalu yomweyo, oyezedwa ndi tepi ya Che Telala, ndiponso mbuzi imodzi yotsukira dzina la nkhalambayo. Mayi wina wolima mpunga anaimirira n'kufunsa za ndowa ndi debe. Amfumu anati imeneyo ili ndi eni ake, a Malawi Bureau of Standards amene amayendera masikelo ndi miyezo ya malonda n'kuidinda, ndipo akadzafika pamsika adzawalozera pomwe pali debelo. Atcheya anapita kukagwada pamaso pa Che Telala. Asungichuma anachedwa pang'ono, koma nawonso anapita.

Ndikanakonda kukuuzani kuti a Zachepa anachoka pabwalopo atasweka mtima. Kungakhale kunama. Nsalu anadula pomwepo, mbuzi anagula kwa munthu wapafupi osanenerera mtengo, ndipo pokwera njinga anawerengera mumtima madebe onse obadwa panjira pa zaka khumi. Mbuzi imodzi? Anamveka akudziuza okha mawu awo aja.

Ndalama yotsala anaithira yonse mu mpunga. Pa Liwonde anakweza malata awo palole, pamwamba pa matumba, anawoloka Shire, madzulo ali pa Balaka. Makoma anawapeza ataima bwino, mitanda itakhomedwa, mnyamata akumwetulira podikira kuyamikiridwa.

M'mawa kalipentala anakwera ndi lata loyamba. Analisiyira mlomo kumbuyo kuti madzi asamadye khoma, n'kuligoneka. Kumtunda silinafike. Analikoka kuti lifike kumtunda, kumbuyo khoma linakhala pamtunda. Anatulutsa tepi.

"Bwana, malata awa ndi a mafiti 12. Masentimita 366. Denga ili likufuna 400. Aperewera ndi 34, kuposa futi yathunthu."

"Ndinanena kuti anayi!"

"Anayi omwewo ndi awa," anatero bilidala. "Yezani nokha. Ine ndinadabwa, chifukwa malata timagula pa mafiti. Ndinamufunsa mnyamata wanuyu kawiri konse kuti kodi akuluwo anati mamita kapena mayadi."

A Zachepa anatembenukira mwana wa mlongo wawo. "Iwe unayankha chiyani?"

"Ndinati munanena mamita, komanso asavutike, n'zofanana. Ndi a mimba imodzi, amalume. Si mmene mumanenera?"

Pakamwa pa a Zachepa panatseguka, koma sipanatuluke kanthu. Ukayenda umasiya phazi. Iwo anali atasiya mlomo, ndipo anaupeza utawamangira nyumba.

Kalipentala anati njira zilipo ziwiri: kugula malata a mafiti 14, omwe ndi mamita 4 ndi masentimita 27, kapena kugula ena ochepa n'kuwadula zidutswa zolumikizira kumtunda. Zonsezo zinkafuna ndalama, ndipo ndalama inali m'matumba a mpunga, wodikira mitengo ya Januwale. Mwini nyumba yalendi naye anali atapeza kale wina wolowamo. A Zachepa anayang'ana kumwamba, kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo.

"Khomani momwemo. Pampatapo tiyalapo pepala lapulasitiki, titsendereze ndi njerwa. Ka futi kamodzi? Zachepa izo."

Anakhoma. Matumba analowa, nsalu zinasanjidwa m'mashelefu a khoma lakutsogolo, pansi penipeni pa pepala lakuda lija. Masiku asanu ndi limodzi kunali dzuwa lokhalokha, ndipo a Zachepa ankafunsa kalipentala akamadutsa ngati akufunabe mafiti 14.

Usiku wa tsiku lachisanu ndi chiwiri kunayamba kamphepo konunkhira dothi. Kenaka chimphepo. Njerwa ziwiri zinagubuduka padenga ngati ng'oma, pepala linang'ambika mbali imodzi, mbali inayo linapanga chithumba chomwe chinkasonkhanitsa madzi n'kumawakhuthulira m'kati. A Zachepa ndi mnyamata, omwe ankagona momwemo kulondera katundu, anadzuka madzi ali m'mphasa. Tochi inaonetsa mpukutu wofiira ukukha magazi pa woyera, matumba apansi atayamba kale kumwa.

"Tenga ndowa! Tchera apo!"

Mnyamata anatchera ndowa pamene madzi ankatsikira ngati pampopi, malume wake akukoka matumba kuwapititsa kumbuyo. Posakhalitsa inadzaza mpaka m'milomo. Chogwirira chake chinali chitathyoka kalekale, choncho mnyamata anaganiza zokhuthulira madziwo m'debe, lomwe linali ndi waya wonyamulira, kuti ndowa ibwerere msanga pamalo pake. Anaipendeketsa bwinobwino. Debe linadzaza, linasefukira, madzi anayenderera pansi mpaka kunyowetsa mapazi a a Zachepa, koma m'ndowa munali mukadali madzi.

Mnyamata anaunika m'debe, anaunika m'ndowa, n'kuunikanso m'debe.

"Amalume," anaitana, mvula ikusokosa pamalata, "madzi a m'ndowa akukana kulowa onse m'debe. Otsalawa ndiwathire kuti?"